Ng'ombe Zimene Agogo Ambilikile Anazikana

Amene anandilakwira ndi bambo anga ondibala, a Yotamu Mwaisabila, kalaliki wa pa sikelo kumsika wogula mpunga ku Kaporo, amenenso ndi mlembi wa nthambi ya chipani kwathu kuno. Anathamangitsa mayi anga mwana ali kubere. Anakaneneza bambo awo omwe kwa anyamata a malaya ofiira. Ndipo mwezi wathawu, dothi la pamanda a agogo lisanaume n'komwe, anatuma munthu kwa amalume kuti ng'ombe za malowolo zibwere, banja la mayi anga lithe, iwo atenge azing'ono anga awiri akakhale antchito a mkazi wawo wa ku Mlare. Dzina lawo ndalitchula lonse dala. Koma nkhani yanga si ya iwowo, munthu woteroyo mizere iwiri yamukwanira. Ndikufuna ndinene za bambo awo, agogo Ambilikile, amene anatisunga ife atatu pafupi ndi mayi athu: ine Lusajo, mng'ono wanga Gwakisa ndi mlongo wathu Tusekile.

Pamaliro paja bambo anga anabwera mu suti, baji pachifuwa, nsapato zikuwala ngati akupita kukalandira nduna. Anaima pamutu pa manda n'kuyamba kulankhula Chichewa, kuti akalaliki anzawo ochokera ku Lilongwe ndi ku Zomba amve bwino, pomwe azimayi okalamba amene analira malirowo ankangoyang'anizana. Ati iwo ndi malemuwo anagwirana manja polera ana amene mayi wawo anawathawa. Mayi angawo anali pomwepo, m'nthochi kuseri kwa khola, akulira nsalu ili kumutu. Ine ndinamva ngati ndameza ntchentche yamoyo. Agogo Chichewa sankachifuna, ankati ndi chinenero chofunsira anthu makhadi pamsika. Andikhululukire kumene aliko, pakuti ndi chokhacho anatiphunzitsa kulemba ndisanasiye sukulu.

Musaganize kuti agogo anali munthu wokoma. Anali nkhalamba yayitali, yowuma ngati nsungwi, mano owerengeka, mphuno yakuda ndi fodya. Akayetsemula nkhuku zinkabalalika. Kaya kutenthe bwanji, ndipo kwathu kuno kumatentha mpaka agalu kuleka kuuwa, iwo anali m'chikhothi chawo chimodzimodzicho, chonunkha utsi wa ndowe, chifukwa madzulo aliwonse ankayatsa ndowe zouma m'khola kuti udzudzu usalume ng'ombe. Ife udzudzu unkatiluma, zimenezo sizinkawakhudza. Ankatukwana m'Chiswahili chimene anatola ali mnyamata ku migodi ya ku Tanganyika. Aliyense kwa iwo anali shenzi. Mlangizi wa dibi shenzi, mkulu wa mpingo shenzi, mvula ikachedwa nayonso shenzi. Chipanda cha chambiko ankagona nacho kumutu, ndipo ukabako pang'ono ankadziwa pongochinyamula. Ine anandikwapula kambirimbiri ndi chikoti cha ng'ombe, ziweto zikalowa mu mpunga wa eni. Ankakonda kunena kuti munthu amene sanazulepo nkhupakupa kukhutu kwa ng'ombe asawauze kanthu za moyo, ndipo mkulu wa mpingo atabwera kudzawadzudzula za kukama mkaka pa Sabata, anamupatsa chitini n'kumuuza kuti akaiuze yekha ng'ombeyo kuti lero bere lisadzaze.

Tsono kwa ife Ankhonde pali mwambo umene obwera amauseka. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana ndi apongozi ake aamuna. Sawayang'ana nkhope, sawalankhula, satchula dzina lawo. Akawaona panjira amadzifunda nsalu kumutu n'kupatukira kumbali, kaya kuli minga kaya matope. Mayi anga, kuyambira tsiku limene analowa m'banja lathu mpaka tsiku limene bokosi linatsekedwa, sanalankhulepo ndi agogo liwu ndi limodzi lomwe. Ankawatchula kuti eni khola. Pali mwambo winanso. Ng'ombe za malowolo a mayi anga zinatuluka m'khola la agogo, ndipo banja silitha mpaka mwini khola atatsekula yekha n'kuzilandiranso. Zisanalandiridwe, mkaziyo ndi wa pamudzipo, ndipo palibe angamuchotse pa ana ake.

Ife tinakulira pakati pa nyumba ziwiri. Ya agogo inali pafupi ndi khola. Ya mayi anamanga agogo ndi manja awo, yansungwi, kuseri kwa nthochi, khomo loyang'ana ku madimba a mpunga kuti asamakumane. Pakati anaikapo mpanda wa bango. Akafuna kudutsa kumeneko ankayamba kutsokomola ali patali, ngati lole yoliza hutala pakona, mayi n'kulowa m'nyumba.

Koma anthu awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku.

“Gwakisa! Kauze a m'nyumba ijayo kuti boma silinaletse mchere.”

Gwakisa ankathamanga, n'kubwera wefuwefu. “Ati ndikauze eni khola kuti mchere amagula, sakama ku ng'ombe.”

“Shenzi!”

M'mawa mwake kathumba ka mchere kanali kolendewera pampanda. Ife tikakhala kuti palibe, agogo ankalankhula ndi ng'ombe yawo yakuda imene ankaitcha Bulangeti, mokweza kuti mawu adumphe bango.

“Iwe Bulangeti, pali anthu ena mwana wawo akutsokomola chitsokomolere, koma sadziwa kuti chipatala chili ku Kaporo.”

Mayi nawo ankayankha kwa nkhuku zawo. “Nkhuku inu, tandikumbutsani, kodi ngolo ali nayo ndani pamudzi pano?”

Agogo ankatukwana, n'kupita kukamanga ng'ombe pangolo.

Bambo anga ankabwera mwezi ukatha, panjinga, manja lende. Ankafuna tigwade, tiwapatse moni, kenaka n'kuyamba kutifunsa mmodzimmodzi kuti mayi wanu amanena zotani za ine, kumabwera mwamuna wanji kuseriko. Agogo anazithetsa zimenezo. Anauza mwana wawo kuti wofuna kudziwa za kuseri kwa mpanda apite yekha akafunse, ana asawasenzetse. Bulangeti nayo inauzidwa, mayi akumva, kuti aliyense wotukwana mwamuna wake azikatukwanira kudimba, osati ana akudya. Ndipo pa Khirisimasi ankatikakamiza kupita kukaona bambo athu ku Kaporo. Pamenepo ndi pamene ine ndi agogo tinkayambana koopsa.

“Ine sindipita.”

“Upita.”

“Kukatani? Kukadya makombo a mayi a ku Mlare?”

“Ukapereke moni, ukhale pansi pang'ono, ubwere. Ndi shenzi, ndikudziwa, ndinabala ndine. Koma ukapanda kupita iwe, ang'onowa aziganiza kuti alibe bambo, ndipo adzayamba kum'peka wabwino m'mitu mwawo. Akamuone yemweyo.”

Ndinkapita mano ali gwa. Mpaka lero sindikudziwa ngati pamenepo ankalondola.

Chaka china, nyumba ya mayi ili yatsopano ndithu, bambo anabwera ndi anyamata a malaya ofiira. Ati mayi amene amakana kuvinira chipani sayenera kukhala m'nthambi yawo. Agogo anali pansi pa Bulangeti, akuzula nkhupakupa. Sanadzuke n'komwe.

“Mukufuna yani?”

“Mayi ali kuseriwo, agogo. Atuluke, azipita kwawo.”

“Iwe si mwana wa Mwakalinga? Amene unkabwera kuno mamina ali chuchuchu kudzapempha chambiko?”

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Anzake anaseka pang'ono, n'kudzigwira.

“Tandiuzani, anyamata inu,” anatero agogo, akuphwanya nkhupakupa ndi chikhadabo. “Chipanicho chinapereka ng'ombe zingati pa mkazi ameneyu? Pakuti zanga ndikuzidziwa.”

Nthawi zino mawu oterowo munthu amasowa nawo. Anyamata aja akanatha kunamizira kuti sanamve, ndipo ndinaona m'maso mwawo kuti ndi zimene ankafuna. Koma bambo anga, mwana wawo wa nkhalambayo, anakweza mawu m'Chichewa kuti oyandikana nawo amve.

“Mwamva nonse! Anyoza chipani. Ine monga mlembi sindingabise.”

Agogo anakwezedwa lole. Anabwerako patapita masiku angapo, wapansi kuchokera kumsewu, mutu wometedwa mpala, mlomo wotupa, mano otsala aja mulibe. Anafika n'kulunjika kukhola, kununkhiza, n'kufunsa kuti ndani wakhala akuyatsa ndowe, chifukwa wayatsa ngati chitsiru. Kenaka anayenda mpaka kumpanda wa bango, n'kutsokomola. Kuseriko mayi anagogoda mphika ndi mthiko. Agogo anati, “Eya, alipo,” n'kukagona. Za ku boma sanazinenepo kwa wina aliyense. Koma kuchokera tsiku limenelo chilichonse chochokera m'manja mwa bambo anga sichinalowe m'kamwa mwawo. Shuga wa mwana wawo ankathira m'khola.

Ndibwerere kumene zinayambira, pakuti tsiku limene ndikufuna anthu awakumbukire nalo agogo ndi la kumeneko.

Bambo atapeza ntchito ya pa sikelo ndi baji, mayi anga anayamba kununkha utsi, anayamba kusadziwa kuyankhula ndi alendo, anayamba kukhala mbuli. Panali patapezeka wina, wogulitsa m'sitolo, wochokera ku Mlare. Iyeyo sindimuda kwenikweni, anapeza khomo lotsekula. Chosowa chinali chifukwa chabe. Chifukwacho chinabwera pa lole imene inadzatenga azimayi kukavina ku boma. Tusekile anali ndi chikuku, maso otsekeka ndi manthongo, thupi lotentha ngati mbaula, ndipo mayi sanakwere. Bambo ati achititsidwa manyazi pamaso pa akuluakulu. Anaponya miphika panja, anazula mwana kubere, n'kuuza mayi kuti awoloke mtsinje wa Lufilya, azipita kwawo. Khoti la mafumu, kumene anzawo a bambo ndiwo ankalemba, linagamula kuti ng'ombe zina zibwerere, ana akhale kuchimuna. Ng'ombezo bambo ankazifuna msanga, kuti akalowolere wa ku Mlare uja.

Tinakhala kwa bambo nyengo imeneyo. Gwakisa anayamba kukodza pamphasa, akumenyedwa m'mawa uliwonse, masana n'kukakhala pamphambano kuyang'ana njira ya ku mtsinje. Tusekile chikuku chinamusiya, koma anakana chakudya. Analira mpaka mawu anauma, ankangotsekula kukamwa popanda chotuluka. Ankamutsina mphuno kuti ameze phala, iye n'kulibweza lonse. Bambo ankati mwanayo ndi wamwano ngati mayi wake, adya njala ikam'pweteka. Munthu wa suti, woti kusukulu anafika patali, akunena zimenezo za mwana woti sanadziwe n'kutchula dzina lake lomwe. Agogo anabwera tsiku lina, anagwira kamkono ka Tusekile, kaja kanali ngati bango, anakayang'ana nthawi yaitali. Sananene kanthu, ngakhale shenzi. Anam'nyamula n'kupita naye kwawo, ife tikutsatira.

Tsiku limene amalume, a Mwangosi, anabweretsa ng'ombe, anthu anadzaza pabwalo. Bambo anali patsogolo ndi anzawo, zingwe zili m'manja, pakuti ng'ombezo zinali zoti zingogona n'kupitirira ku Mlare. Khola linali lomanga ndi luzi. Agogo anatuluka m'nyumba atabereka Tusekile kumsana ndi nsalu ya malemu akazi awo, pamwamba pa chikhothi, mfundo ili pachifuwa ngati mzimayi. Anthu anafa nacho chiseko. Mwamuna wa msinkhu umenewo, mwini khola, kubereka mwana! Bambo nkhope inagwa.

“Tata, mukutichititsa manyazi. Perekani mwanayo kwa azimayi, mutsekule khola.”

“Ng'ombezi ndi za yani?”

“Ndi zathu, Tata. Khoti lagamula.”

“Zathu? Iwe unawetapo iti? Imene unaigoneka pansi n'kuizula nkhupakupa ndi iti? Ndilozere.”

“Tata, banja latha.”

“Lako latha. Ine sindinasudzule munthu.”

Anatola ndodo yawo, analiza likhweru. Zina mwa ng'ombezo zinabadwira m'khola lomwelo, ndipo zinatukula mitu. Anazitembenuza, n'kuyamba kuzikusa kubwerera njira imene zinadzera. Amalume anangoti kakasi, kenaka n'kumatsatira pambuyo ngati alendo pa ng'ombe zawo zomwe. Bambo ankakuwa za khoti ndi za apolisi. Ine ndinagwira Gwakisa padzanja n'kulondola. Pa Lufilya madzi anali m'chiuno. Agogo anawoloka ndodo m'mwamba, chikhothi chikuyandama, mwana ali kumsana, akutukwana ng'ombe, mtsinje, ndi miyala yomwe.

Tinapeza mayi akusinja mpunga pabwalo la amalume. Anali atawonda, ndinachita kuwazindikira ndi nsalu. Tusekile anawaona ali pamsanapo, ndipo kamawu kaja kanali katauma kanatuluka. Mayi anaponya munsi, anathamanga, kenaka anaona chikhothi. Anaima ngati agunda khoma.

Amalume anakuwa kuchokera kumbuyo kwathu. “Tenga mwana, mlongo! Ukuopa chiyani? Si apongozi akonso amenewo, khoti linathetsa!”

Azimayi a pamudzipo nawo ankati tenga, tenga mwana wako. Mwana ali apo, mikono yotambasula, akulira. Mayi anamasula nsalu ya m'chiuno, anadzifunda kumutu, anatembenuka kutipatsa msana, n'kugwada pafumbi. Kenaka anatambasulira manja kumbuyo. Zala zinkatsekuka n'kutsekeka pa mphepo chabe.

Agogo anayang'ana kumbali, ku mtengo wa mango, monga mwambo ufunira.

“Mwaona nonse?” anatero. “Munthu wachilendo angandibisalire ine? Angasiye mwana wake akulira chifukwa cha nkhalamba ya kumudzi kwina? Uyu ndi mkamwana wanga. Ng'ombe zanu ndi izi, a Mwangosi. Ndazikana. Muzikama, muzilima nazo, koma pakhola panga zisadzapondepo ine ndili moyo.”

Anamasula mfundo, anatsitsa mwana, anamuimika pansi. Tusekile anayenda dzandidzandi mpaka anagwera m'manja muja. Mayi anamukokera m'kati mwa nsalu. Sindinamvepo mwana akuyamwa mokweza chonchija, ngakhale kuti mkaka unali utatsala pang'ono kuuma. Gwakisa naye analowa m'nsalu momwemo, mutu wokha, matako ali panja. Palibe anaseka.

Agogo anauza mtengo wa mango kuti mwezi ukamatha nyumba idzakhala itatha, ndipo anthu ena akonzeke, chifukwa ana si mvuu kuti aziwoloka mtsinje tsiku ndi tsiku. Ankadziwa kuti akatisiya kwa amalume, apolisi adzatitenga. Koma pamudzi pawo tinali kuchimuna, monga khoti linanenera, ndipo khotilo silinalembe kuti nkhalamba isamange nyumba m'nthochi zake. Wa ku Mlare uja bambo anakamulowola ndi ng'ombe zobwereka, ndipo chimenecho sanawakhululukire nacho agogo.

Chifukwa chake anachita zimenezo anandiuza kamodzi kokha, ndili wamkulu kale, tikubwera ku dibi. Sindinawafunse. Anangoyamba okha, akuyang'ana michira ya ng'ombe. Ati mayi awo anabwezedwa kwawo iwo ali msinkhu umene Gwakisa anali nawo nthawi ija. Nkhope sankaikumbukira. Ankakumbukira zidendene zikulowa m'nthochi, ndi ng'ombe zikulowa pamudzi kudzera njira yomweyo. Bambo awo anapha imodzi, anthu anadya.

“Nanenso ndinadya,” anatero. “Inali yonona. Shenzi.”

Anafwenthera pansi, n'kundikalipira kuti ndikuyenda ngati ndatsekula m'mimba, ng'ombe zikulowa m'munda.

Matenda anayambira kumiyendo. Inatupa mpaka khungu kuwala, kenaka anangokhala chigonere. Mayi ankaphika phala la mpunga lothira mkaka, Tusekile n'kumanyamula. Zofunda zimene agogo ankaziipitsira ine ndinkaponya pamwamba pa mpanda, madzulo ndinkazipeza pomwepo zochapa, zopinda. Bambo anabwera kamodzi. Anaima pakhomo, kampango kali pamphuno, n'kufunsa ngati ng'ombe zonse zili bwino ndi kuti mapepala a dibi ali kuti. Agogo anatembenukira kukhoma. Bambo atapita, anapitiriza kuyang'ana khomalo, n'kuliuza ndi mawu otsika kuti likauze anthu ena kuti aleredwa bwino, ndipo alibe mlandu ndi munthu kuseri kwa mpanda. Mayi anali panja pa khoma lomwelo, atagwada ndi mbale. Sanayankhe, ngakhale kwa nkhuku. Nkhope ya agogo sanaione ngakhale m'bokosi.

Tsopano mwini khola ndi bambo anga. Sanadikire n'komwe kuti anthu amete. Uthenga wawo kwa amalume unali woti zibwere zonse, osati zimene khoti linanena zija, koma zonse ndi ana ake amene zabereka zaka zonsezi. Amalume anayankha kuti malinga ndi mwambo wa makolo, wotenga zonse wabweza ana kuchikazi. Bambo anaseka. Ati mwambo umathera pakhomo la khoti, ndipo iwo adzatenga ng'ombe ndi ana omwe, chifukwa kunyumba kwawo kukufunika mtsikana wobereka khanda ndi mnyamata wotunga madzi. Anazula chitseko cha nyumba ya mayi n'kuchikweza pangolo. Anagwetsa mpanda wa bango, ati mudzi wa mlembi suyenera kuoneka ngati wa anthu osatukuka. Mayi anamanga miphika yawo n'kuwolokanso Lufilya, imvi zili mbuu kumutu, ndipo Tusekile, amene tsopano ndi kamtsikana kotha kusinja, anabwerera ku zakale zija, kuyang'ana chakudya osachikhudza.

Dzulo ndilo linali tsiku la ng'ombe. M'mawa, bambo asanafike kuchokera ku Kaporo, ndinauza Gwakisa ndi Tusekile kuti amange zovala zawo. Pa dooko tinakumana ndi amalume akuwolotsa ng'ombe. Anatiyang'ana, anayang'ana timitolo tathu, anafunsa ngati ndikudziwa chimene ndikuchiputa. Ndinati ndikudziwa. Ndinawasiya anawo m'manja mwa mayi, ndinamwa madzi, n'kubwerera ndekha. Mayi anandigwira malaya kuti ndisapite, koma sindinafune kuti bambo akamve kwa anthu.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Pamudzi pa agogo sipanasesedwe chiwaikire, ndipo kwathu bwalo losasesa ndi chinthu chochititsa manyazi kuposa umphawi. Makoko a nthochi ali mbwee, mikoko iwiri yapsera mumtengo mpaka mbalame zaiboola. Nyumba ya mayi yangoti yasa popanda chitseko, mbuzi za eni zagonamo kale, zitosi mpaka pamafuwa. Pamene panali mpanda patsala mzere wa mayenje. Kanjira kamene mapazi athu anakumba pakati pa nyumba ziwirizo kakuoneka tsopano kuchokera kumsewu, kopanda woyendamo. M'khola phulusa lazizira, ndipo udzudzu unali utayamba kale kulira pamisana ya ng'ombe zatsopanozo, zitapanikizana ndi zakale, zikubayana. Chipanda cha chambiko wina anachitaya kuseri, chasweka, mwadzaza nyerere. M'nyumba mwa agogo mukadali fungo la fodya, koma mphasa anaiwotcha, ndipo pamsomali pamene pankapachikidwa chikhothi palibe kanthu.

Bambo anali pakhomo la khola, pa chitsa chimene agogo ankakhalapo, atayalapo nyuzipepala kuti buluku lisade. Anali ndi anzawo awiri ndi botolo. Atandiona anamwetulira, mwina koyamba chibadwire changa.

“Lusajo, wabwera bwino. Kaitane ana aja, tizipita kusanade. Mtsikanayo asambe, asakalowe m'nyumba mwanga akununkha ndowe.”

Sindinagwade. Ndinalankhula m'Chinkhonde, kenaka ndinabwereza m'Chichewa kuti anzawowo asaphonye kanthu.

“Ana ali kwa mayi awo, ndipo wawawolotsa ndine. Inu munaitanitsa ng'ombe, ng'ombe ndi izo, zitumeni zikabereke khanda kwa akazi anu. Kaitaneni anyamata anu a malaya ofiira, njira ya ku boma mukuidziwa, munatumizako kale bambo anu, ine ndili pompano sindithawa. Koma tsiku limene mudzafe, Tata, mudzauze ng'ombe zomwezi zikukumbireni manda, chifukwa mwa ana amene mayi anga anabala palibe adzagwire khasu.”